Tsiku Lomwe Ndinathira a Dennis mu Tramu

Nkhani iyi kutchalitchi kwathu ku Liverpool sindinaifotokozepo, ndipo mkazi wanga, amake Tadala, anandilumbiritsa kuti kumudzi isakamveke.

Munali mu 2006. Loweruka lililonse ndinkapita kukathandiza, mosalipidwa, kumalo ena osungirako matramu akale, aja masitima ang'onoang'ono oyendera magetsi. Anzanga onse kumeneko anali azungu okalamba opuma pantchito. Tinkapala dzimbiri, kupaka penti, kenako n'kumakweza alendo pa kanjanji kokwera chitunda. (Mkazi wanga, yemwe ndi namwino, ankati munthu wa digiri wosiya bedi lofunda kukapukuta zitsulo zakufa ngofunika mapemphero.)

Shedi yakeyo inali yoziziritsa nkhongono ngakhale masana. Matramu ankangoti ndondondo mumdima, ena atafunditsidwa malona ngati mitembo, ndipo ina inkatulutsa mpweya yokha, fuuu, popanda woikhudza. M'kachipinda komwera tiyi munali shelefu, ndipo mkulu wathu, a Brian, akamalowa ankati, "Mwadzuka bwanji, Dennis?" Panalibe woyankha. Ine ndinkayesa kuti Dennis ndi mphaka, ndipo sindinafunse poopa kuoneka wachimidzi.

Tsikulo kunali nkhungu, masamba onyowa atamatirira panjanji. Zikatero mawilo amaterereka, ndiye tramu imakhala ndi bokosi la mchenga pansi pa mpando. Woyendetsa akaponda chitsulo, mchenga umagwera panjanji, mawilo n'kugwira.

"Udzaze bokosi la tramu yobiriwira ija," anatero a Brian. "Mchenga wouma, wamva? Lero ndi tsiku lalikulu."

Thumba la mchenga ndinalipeza litavumbwa ndi mvula yodontha kudenga. Pofuna kuonetsa changu, ndinafufuza ponseponse mpaka ndinaona chitini chobiriwira pa shelefu ija, pafupi ndi hita. Kutsegula, mchenga wouma bwino, wotuwa, wokhakhala pang'ono. Ndinaufikisa ndi zala, n'kuyamikira mumtima kuti azungu amadziwa kusunga zinthu. Ndinakhuthulira wonse m'bokosi, n'kugogoda chitinicho pansi kuti pasatsale kanthu. Fumbi linandilowa m'mphuno, ndinayetsemula.

Tinapita kukayesa tramu. Pachitunda mawilo anayamba kulira, kuzungulira pamodzimodzi. A Brian anaponda chitsulo, pansi panamveka kukukuta, tramu n'kukwera bwinobwino.

"Mchenga wabwino uwu," anatero.

Ine ndinatukumula chifuwa.

Pobwerera, m'nkhungu muja munali mutaima anthu ovala zakuda, ali zii. Pakati pawo panali mayi wokalamba atanyamula maluwa. A Brian anavula chipewa.

"Awo ndi mayi Maureen. Dikira ndikatenge Dennis."

Anatuluka m'kachipinda kaja nkhope itayera, chitini chili m'manja, chivindikiro pambali.

"Dennis ali kuti?"

Apa m'pamene anandiuza. A Dennis anayendetsa tramu yobiriwirayo kwa zaka zambiri. Atamwalira anawatentha, monga amachitira ambiri kuno, ndipo anasiya mawu oti phulusa lawo likhale kaye ndi anzawo mushedi mpaka tramu yawo itakonzedwa, kenako mkazi wawo adzaliwaze yekha panjanji. Mayiyo anali atadikira tsikuli chaka chathunthu.

Ndinayang'ana manja anga. Otuwa. Ovolosi yotuwa. M'mphuno monse muli a Dennis. Kwathu munthu amagona kumanda, pansi pa mitengo, ndipo podutsa umatsitsa mawu. Ndani akanaganiza kuti bambo wa mwini angakhale m'chitini, pafupi ndi shuga? Nthawi yomweyo tramu ija inapuma kumbuyo kwanga, fuuu, ndipo tsitsi langa linaima.

Kuthawa ndinakuganizira, sindinama. Koma miyendo inachita zakwathu: inandipititsa kwa mayi Maureen, n'kundigwaditsa pamatope, chipewa kumanja. Azungu anadabwa, mwina ankayesa ndikufunsira ukwati. Ndinafotokoza zonse. Chimene chinkandiwawa kwambiri si mantha ayi, koma kuti ndinali nditalanda mayiyu mwayi wotsanzikana ndi mwamuna wake.

Mayi Maureen anayang'ana chakuchitunda.

"Mwamuthira pati?"

"Pachitunda paja, mayi. Mawilo amaterereka."

"Inakwera?"

"Inakwera."

Ndinawayang'ana kumaso. Sindinadziwe ngati kukubwera kulira kapena kuseka, ndipo zinabwera zonse.

"Moyo wake wonse ankadandaula kuti palibe amene amadziwa kukweza tramu pamenepo koma iye. Dzukani, bambo. Watsalamo?"

M'bokosi muja anali atatsalamo pafupifupi theka. Tinakwera tonse. Pachitunda a Brian anawasonyeza chitsulo chija, ndipo mayi Maureen anaponda okha ndi kansapato kawo kakuda, misozi ikutsika, mpaka kukukuta kunaleka.

Kunyumba amake Tadala anandimvetsera ataima pakhomo, osandipatsa njira.

"Ndiye mwabwera nawo?"

"Ndani?"

"A Dennis! You are not serious, abambo ake Tadala. Ine ndachokera ku night shift, ndigone ndi mzimu wa mzungu? Vulani konko."

Ndinasamba kuseri kwa nyumba ndi ndowa, mu Okutobala wozizira wa ku England, aneba akusuzumira pamakatani. Ovolosi ija sitinaichape, poti kuthira munthu m'ngalande yamadzi oipa palibe anafuna. Ndinaibweza kushedi, ndipo ikadali pamsomali. Masabata angapo otsatira ndikayetsemula, mkazi wanga ankasuntha mpando.

Kushediko ndimapitabe. A Brian amati bokosi la mchenga silitheratu, m'makona mumatsalira ndithu, choncho ndikakwera tramu yobiriwira ndimayamba ndapereka moni. Ndipo m'dziko lino ndikapeza chitini pa shelefu, sindifunsanso kuti muli chiyani. Ndimafunsa kuti muli ndani.