Mapeyala M'sutikesi

Lemba, mdzukulu wanga, koma dzina langa lenileni usaikepo. A ku Nchenachena akudziwa kale, enawo asadziwe. (Chichewa changa chikakhota uziwongola wekha, ine ndinakula ndi Chitumbuka.)

Peyala silipsa mumtengo, aliyense amadziwa. Umathyola lili gwa, n'kulivundika pamalo otentha kuti lifewe. Pamenepo palibe chovuta. Chovuta ndi agogo ako aamuna, a Msiska. Mano anawathera, ndiye peyala kwa iwo ndi nyama. Ndinavundika m'thumba la gaga, anapeza. Ndinaika mumtsuko n'kuvindikira mbale, anapeza. Ndinapachika dengu kudenga, munthu wodandaula msana tsiku lililonse anakwera pampando.

Chaka chatha mtengo unabereka pang'ono. Anatsala asanu, akuluakulu, ndipo ndimafuna ndisungire amayi ako pobwera kuchokera ku Mzuzu. Ndinaganiza, kodi m'nyumba muno mwamuna sagwira pati? Sutikesi yanga ya pansi pa bedi! Mmenemo mumakhala yunifomu yanga ya amayi a mpingo, bulauzi yoyera mbee, yochapa, yosita. Ndinalowetsa mapeyala pansi pa bulauziyo, ndi nthochi ziwiri zakupsa kuti afewe msanga. (Usaseke, poseka sitinafike.)

Mawa lake ndinapita ku Njakwa, ku ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Ndimati masiku awiri. Mvula inagwa chomene, yambiri zedi, msewu wathu umaudziwa, galimoto zinaleka kukwera. Ndinakhala masiku khumi, kuvina ndi kudya mpunga, za mapeyala osakumbuka n'komwe.

Ndinabwerako Lachitatu. Lachinayi kunali msonkhano wa amayi a mipingo yonse yozungulira, ndipo woyambitsa nyimbo kutsogolo anali atasankha ine. Zaka zonsezi ndikudikira mwayi umenewo! M'mawa ndasamba, ndadzola, ndikukoka sutikesi. Kungotsegula, tintchentche tating'ono tija tinatuluka ngati utsi. Bulauzi yanga, mayo ine! Pachifuwa pobiriwira, pamsana pakuda, fungo ngati la masese.

Ndinakhala pansi. A Msiska anasuzumira pakhomo.

"NyaGondwe, kwagwanji?"

"Onani zimene andichita mapeyala!"

"Aa, aphulika? Komatu Lolemba anali bwinobwino."

Ndinawayang'ana. "Lolemba? Mwadziwa bwanji za Lolemba, bambo inu?"

Anayamba kukanda mutu. Kani munthu ananunkhiza nthochi tsiku lomwe ndinachoka. M'mawa uliwonse ankakoka sutikesi n'kumadina mapeyala ndi chala, kuona ngati afewa. Atafewa anaopa kudya, akuti asanu ndi ochepa, ndikanazindikira. Ndiye ankangodina, kudina, n'kutseka, n'kukankhira pansi pa bedi.

"Mukanangodya!" ndinakuwa.

"Ndimakuopani," akutero, maso pansi.

Nthawi inali itatha. Kubwereka ndikanabwereka kwa ndani? Tonse timapita kumsonkhano womwewo, ndipo aliyense bulauzi yake ndi imodzi. A Msiska analowa kuchipinda n'kutulutsa shati yawo yoyera ya pa Mgonero, n'kundipatsa ndi manja awiri, atawerama. Ndinapinda mikono yake, ndinapisira musiketi, duku kumutu, ulendo.

Nyimbo ndinayambitsa, mwana iwe, ndipo mawu anatuluka! Amayi anayankha mpaka malata kunjenjemera. Koma poomba m'manja mikono ya shati ija inamasuka n'kuphimba zala zonse, ndikungokupiza ngati nkhuku. Nditabwerera pabenchi, NyaMhango, mnzanga wa pakamwa pakuthwa uja, anandigwira dzanja mwaulemu n'kunong'ona:

"Monire a Msiska. Kodi akazi anu mwawasiya kunyumba?"

Benchi yonse inagwedezeka. Tinaseka mpaka misozi, ine ndemwe, tikubisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Mpaka lero akandiona pamsika amandigwadira ngati bambo.

Amayi ako atabwera mapeyala sanalawe, m'malo mwake anandigulira nsalu ya bulauzi ina. Akuti ndiziika zipatso padengu, poyera, podutsa mphepo, ndiziziona tsiku ndi tsiku. Yewo, ndamva. Koma poyerapo pali agogo ako.

Ndiye chaka chino ndavundika awiri m'matumba a jekete yawo ya pa Sabata. (Mzere umenewu usawawerengere.) Aphulike, tione ngati bulauzi yanga idzawakwana.