Kamtengo ka a Nasibeko

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo iwe ukusekawe utchere khutu, poti mawa ndiwe ukafunsire mbeta.

Ku Dedza kunali mayi wamasiye, a Nasibeko. Malemu amuna awo anawasiyira kamtengo m'mbale yadothi, kamene ankakatcha bonsayi. Kanali ka kumaiko ozizira, makungwa oyera, nthambi zolendewera pansi ngati kakulira. Pa zaka kankaposa ana awo onse, koma kutalika sikankapitirira bondo. Kanali kotero mwadala: mayiwo ankadulira mizu, n'kumakhotetsa thunthu ndi waya monga ankachitira malemuwo.

Ndiye kunabwera Lufeyo, munthu wandevu zake, kudzafunsira mwana wawo Esinati. Anayamba kuonetsa mphamvu pakhomo, kuwaza nkhuni, kufolera khola. Kenako anakaona kamtengo kaja pakhonde.

"Esinati, aka kakudwala chiyani?"

"Kasiyeni, n'ka mayi. Ngati mukufuna kudziwa afunseni."

"Ine kuyankhula ndi apongozi maso ndi maso? Iyayi, umenewo ndi mwano."

Zoonadi Lufeyo akangoona a Nasibeko akubwera ankapatukira m'chimanga. Manyazi ofunsa anali nawo, koma manyazi ogwira za eni analibe.

Tsiku lamsika mayi ndi mwana atachoka, iye anati, "Pakhomo popanda mwamuna mpomwe mtengo umapinimbira chonchi. Lero aona kuti apeza mkamwini." Anamasula waya yense. Nthambi zolendewera zija anazikwezera m'mwamba n'kuzimanga ndi luzi. Kunatsala thunthu lokhota lija. Anatsamiza bondo, n'kukoka ndi manja awiri.

Thyo!

Kalanga ine, thukuta linamutuluka ngakhale kunkazizira. Analumikiza pothyokapo, anamata dothi, koma mutu wa kamtengo unkangogwa. Ali mkati molimbana anamva mawu kunjira. Anakhala pansi msangamsanga n'kukatchinjiriza ndi msana.

A Nasibeko anaima patali n'kutsokomola kuti mkamwini apatuke. Lufeyo anangoti zyoli, osasuntha. Mayiwo anatsokomolanso. Amayi oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda.

"A Lufeyo," Esinati ananong'ona, "mayi akufuna kudutsa. Mwatani kodi?"

Akhale, ndi mwano. Adzuke, mtengo ugwa. Anadzuka n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe, mutu wa kamtengo n'kugwa, kugubuduka mpaka pamapazi pa apongozi. Manyazi amene anamugwira, ankalakalaka nthaka itang'ambika alowemo. Ali kuseriko anayankhula mawu ake oyamba kwa apongozi ake.

"Pepani mayi, ndimati ndikawongole."

A Nasibeko anatola mutuwo n'kupukuta dothi ndi chitenje chawo. Misozi inalengeza. Esinati anagwada.

"Mayi, akhululukireni. N'zoona sakonda kufunsa, ndipo ndinawauza kuti akasiye. Koma tikakwatirana ndidzawasintha ine."

"Dzuka mwanangu," anatero mayiwo. "Kamtengo aka bambo ako anayamba kukapinda kali kanthete, n'chifukwa chake kankamvera. Lero wauona mtengo wokhwima zomwe umachita. Uyo ali kuseri kwa nkhokweyo, ndevu zafika pachifuwa, iwe udzamuyambira pati?"

Lufeyo anamva zonse. Anadzera kudimba mpaka kwawo, nsapato n'kuzisiya pakhonde, ndipo sanabwerenso ngakhale kudzazitenga. Esinati atafuna kumutsatira, a Nasibeko anamugwiritsa mutu wa kamtengo uja m'manja.

"Khala pansi. Kuwongola mtengo mpoyamba."