Nyundo ya Amalume

Mukadzandiona pakabaza, nditagwira chikwama pamiyendo, fumbi la ku Milepa lili mbuu m'nsidze, musadzandifunse kuti galimoto ija ili kuti. Ilipo. Ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Ngozi inangoivulaza chabe. Amene anaimaliza ndine, ndipo ndinaimaliza mwaulemu kwambiri.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine ndine mkamwini. Kuno kufupi ndi Namitambo ndinangobwera kudzakwatira. Munda umene ndimalima, mtengo wa mango umene ndimakhala pansi pake, ngakhale dothi limene ndinaumbira njerwa za nyumba, zonsezo nzakuchikazi. Changachanga pamudzi pano chinali kagalimoto koyera kakalekale, kamene ndinagula nditavutika ndi kabichi ndi tomato pamsika wa ku Limbe mpaka msana kupindika. Ndinkakalipirira inshuwalansi yokwera mtengo ija, yoti galimoto ikaphwanyika amakukonzera kapena kukupatsa yogulira ina. (Anzanga ankandiseka kuti ndikunenepetsa anthu a m'tauni. Ine ndinkawayankha kuti wanzeru amaona patali. Mawu amenewa ndinasiya kuwanena.)

Galimotoyo inali ndi ntchito imodzi yaikulu. Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, ali ndi matenda a shuga, ndipo nthawi imeneyo anali ndi chilonda chosapola kuphazi. Adokotala a kuchipatala cha ku boma anachenjeza kuti azipita pafupipafupi kukatsukitsa, osadumphitsa, apo ayi phazilo lidzapita. Wowatenga ndinali ine. Mwambo wake mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana okha, ndipo akakumana panjira wina amapatukira patchire. Choncho iwo ankakhala kumbuyo atafunda chitenje kumutu, mkazi wanga kutsogolo akupereka uthenga uku ndi uku.

"Auze achepetse liwiro."

"Akuti muchepetse liwiro."

"Auzeni ndachepetsa."

Kagalasi koonera kumbuyo ndinkachita kukapotozera kudenga kuopa kuti maso athu angakumane.

Ngoziyo inachitika m'dzinja, masana, mvula itangokata kumene. Ndinali ndekha, ndikuchokera kogula feteleza wobereketsa. Pakamlatho ka kumunsi kwa mudzi wathu matope anali noninoni. Galimoto inaterereka, inazungulira, nkukagona chammbali m'khwawa, mphuno ili m'madzi. Anandisolola pazenera ndi anthu amene ankabandira chimanga chapafupi. Fupa la paphewa linali litathyoka, foni inali itamwa madzi nkuzima, koma mutu unkagwira bwinobwino. Ndikunena zimenezi kuti musandikhululukire msanga. Nditakhala pamatope paja ndinkakumbukira zonse zimene mayi wa ku ofesi ya inshuwalansi anandiuza mobwerezabwereza tsiku lolembetsa: ngozi ikachitika galimoto isasunthe apolisi asanafike, mujambule zithunzi, ndipo pasapezeke wogwira sipanala munthu wathu asanaione.

Kenaka anafika amalume a Mulekano.

A Mulekano ndi achimwene awo a apongozi anga, ndiye eni mbumba. Ntchito yawo ndi yokhoma ndowa ndi mbaula pamsika wa Namitambo. Si munthu wankhanza ayi. Akanakhala wankhanza bwenzi nkhaniyi ili yosavuta. Ndi munthu wamtima wabwino, wamanja osakhala chete, amene akaona chinthu chopindika tulo sabwera mpaka atachiwongola.

"Akamwini, pepani, pepani ndithu," anatero akundisisita paphewa lothyoka lomwelo. "Chakudza sichiimba ng'oma. Bola moyo." Atatero anatembenukira kugulu. "Azibambo, zingwe! Wina athamangire ng'ombe za ngolo zija!"

Ndinakodola mkazi wanga, amene anali atathamangira pomwepo, nkumunong'oneza. "Mayi a Chifundo, kauzeni amalume asaisunthe. Tidikire apolisi."

Anapita, anagwada, ananena. Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Apolisi? Ndi matope amenewa afika liti? Ikangogona muno, mawa tidzapeza mafupa okhaokha, matayala ndi batire zili ku Limbe kalekale. Nanganso galimoto ya pamudzi pathu igone m'khwawa ngati chidakwa, anthu a ku Milepa azichita kubwera kudzaonerera? Iyayi, zimenezo ayi. Si choncho, akamwini?"

Mudzi wonse unandiyang'ana. Ndinamva mawu enieni akukwera kuchokera m'mimba, anafika pakhosi, anaona anthu, anabwerera.

"Ndi choncho, amalume," ndinatero.

Anaikoka ndi nyimbo. Chingwe choyamba chinazula bampala. Chachiwiri anachikoleka pachitseko, chitsekocho chinatsatira ng'ombe galimoto nkutsala. Pamene wakabaza wa njinga yamoto ankanyamuka nane kupita kuchipatala, ndinacheuka nkuona galimoto yanga ikukwera chitunda, amayi akululutira pambuyo pake.

Nditatuluka m'chipatala, dzanja lili pakansalu, mmawa wake ndinadzuka ndi phokoso. Ngo! Ngo! Ngo! Ndinasuzumira pazenera. Amalume anali atatseka benchi yawo kumsika, kusiya makasitomala awo onse, kuti akonze galimoto ya mkamwini. Chitseko chija anachigoneka pachitsa, akuchisula ndi nyundo yokhomera ndowa. Denga anali atalitukula kale ndi mtengo wa bulugama. Pambali panali chitini cha penti wobiriwira wotsala pazitseko za tchalitchi.

Ndinatuluka nditatsimikiza mtima. Ndikulumbira, ndinatsimikiza. Ndinayenda ngati mwamuna, ndinaima pamaso pawo, ndinakhosomola. Iwo anadzutsa mutu, thukuta lili kamukamu, chala chimodzi chitamangidwa kansanza kamagazi.

"Musathokoze, akamwini," anatero. "Galimoto imeneyi ndi imene imanyamula mlongo wanga. Ndingakhale pansi ine?"

Tandiuzani, abale, munthu wotere mumayamba bwanji kumuuza kuti akuwononga? Ndinanjuta, ndinaomba pantchafu ndi dzanja lamoyo lija, nkunena kuti, "Mwagwira ntchito, amalume." (Thobwa amene ankamwa popuma ndinagula ndine. Zimenezinso mudziwe.)

Munthu wa inshuwalansi anabwera ntchito itatha. Anali bambo wamfupi, wajekete, nsapato zake zitasanduka zibuma ndi matope a njira yathu. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono. Anayang'ana penti wobiriwira pagalimoto yoyera, anayang'ana pepala lapulasitiki pamalo pa galasi, anagogoda chitseko ndi chala, chinalira ngati ndowa yatsopano.

"Bambo," anandifunsa mofatsa, "ine ndabwera kudzaona zimene ngozi inawononga. Tsono apa za ngozi ndi ziti, za nyundo ndi ziti?"

Ndisanayankhe, amalume anali atafika kale, chifuwa chili patsogolo.

"Za ngozi palibenso, bwana! Ndinachotsa zonse ndi manja awa. Ngakhale injini inamwa madzi, ndinaitsegula ndekha, tinakhuthula, kenaka tinaikankha pamtsetse apo kuti ilire. Inalira kamodzi, gwa! Basi ikupuma kaye."

Bambo uja anavula magalasi nkuwapukuta nthawi yaitali. Anafunsa za zithunzi, panalibe. Anafunsa za apolisi, ndinamuuza zoona, kuti atafika pakhwawa paja anangopeza udzu wogona ndi mbuzi ikudya. Anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, ndipo chisonicho chinandipweteka kuposa phewa. Amalume anamupatsa mbaula yaing'ono kuti akapatse akazi ake.

Ku ofesi yawo ku Blantyre ndinapitako mpaka alonda anayamba kundipatsa moni wa dzina. Sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi. Ankandipatsa mpando, ankandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka ankandikumbutsa mwaulemu kuti galimoto inasunthidwa, inakonzedwa popanda chilolezo, ndipo injini inafera pamtsetse osati m'khwawa. Ndinkafunitsitsa atandilalatira kuti nanenso ndipeze wokwiyira. Sanatero, ndipo ndinkabwerera kumudzi mkwiyo wanga uli m'thumba.

Tsono phazi la apongozi silinkadikira zonsezi. Kuti afike pamene pamaima minibasi pankafunika kabaza. Njinga yamoto inkawagwedeza mpaka chilonda kutuluka magazi. Yakapalasa inkafuna kuti pachitunda atsike ayende, pamene kuyendako ndiye kunali vuto. Kukagwa mvula akabaza ankakana njira yathu, ndipo sindiwada, nawonso ali ndi ana. Tsiku lina m'minibasi munthu wina anawatsitsira thumba la nandolo paphazi lomwelo. Sanalire, anangoluma chitenje. Atafika kunyumba anauza mwana wawo kuti adzapitanso mvula ikatha. Tinadumphitsa ulendo umodzi, kenaka wina, kenaka tinasiya kukumbutsana. M'nyumba mwawo munayamba kumveka fungo limene aliyense ankachita ngati sakulimva. Mkazi wanga ankangondiikira madzi osamba nkuchokapo.

Mmawa wina anabwera kudzandidzutsa. Apongozi thupi linali litatentha, phazi litada mpaka m'kakolo. Mvula inali itagwa yambiri ndipo madzi ankadutsa pamwamba pa kamlatho kaja. Wakabaza anavomera kudikira kutsidya, osawoloka. Azibambo a m'mudzi, amalume omwe, anali kumanda kokumba, kunali maliro kumudzi woyandikana nafe. Tinawakweza apongozi pawilibala mpaka pamtsinje, ndipo pamenepo tinaima. Mkazi wanga anali woyembekezera, mwezi wake uli pafupi. Anayang'ana madzi, anayang'ana mayi ake, anayang'ana ine.

"Bambo a Chifundo, aberekeni."

Kenaka pansi pa chitenje panatuluka mawu ofooka. "Auze atembenuke."

Ndinatembenuka, ndinanjuta. Anandigwira m'khosi. Munthu amene kwa zaka zonsezi ndinkamuthawa panjira anali pamsana panga, wopepuka ngati mtolo wa udzu, akutentha ngati mbaula. Ndinalowa m'madzi. Anafika m'mawondo, anafika m'chiuno, phewa lija linayamba kundikumbutsa kuti silinapole. Tili pakati penipeni, mkazi wanga atatsala kumtunda kumene sakanamva, ndinamva mpweya pakhutu.

"Bambo."

Ndinatsala pang'ono kuwagwetsa. Chikwatirireni anali asanandiitanepo.

"Wawa, amayi."

"Tsiku lija, munkadziwa kuti achimwene akulakwitsa?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Nanga munakhaliranji chete?"

"Ulemu, amayi."

Madzi ankandikoka miyendo, ndinkafufuza popondera ndi zala.

"Ulemu wanuwo undidula mwendo," anatero. Sanakalipe, anangonena ngati akunena za mvula. "Samalani, apo pali mwala."

Anawadula mmunsi mwa bondo. Amalume atamva anathamangira kuchipatala, analira pakhonde ngati mwana, akudziguguda pachifuwa kuti anayesetsa. Anayesetsadi. Mpaka lero palibe anawauza zoona zake, ndipo pamsika amachenjeza aliyense wogula ndowa kuti a inshuwalansi ndi akuba, anabera mkamwini wawo masanasana. Ine ndikamadutsa amandiitana kuti ndichitire umboni, ndipo ndimangoweramitsa mutu. Iwo amati ndi chisoni. Sanama kwenikweni.

Mwina mukufuna kudziwa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira, koma mverani mmene zinathera. Chilimwe chathachi a kumpingo anawapezera apongozi njinga ya olumala, yatsopano, yonyezimira. Inali isanathe ndi sabata yomwe pamene ndinaona amalume akulowa pabwalo, nyundo ili m'manja. Ati tayala lakumanzere likuoneka lopendekeka pang'ono. Anagwada, anaigwira, anakweza dzanja.

Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. "Siyani! Chotsani manja anu pamenepo! Musaikhudze!"

Amayi amene ankasinja analeka munsi uli m'mwamba. Amalume anaimirira pang'onopang'ono, anatola nyundo yawo nkutuluka. Kunena zoona, nkhope yawo inandimvetsa chisoni.

Nkhani inapita kwa ankhoswe. Tinakhala pansi pa mango uja, ndipo anagamula kuti mkamwini wakula mtima, wakalipira eni mbumba pamaso pa ana ndi akazi. Ndipepese chogwada, ndiperekenso tambala. Ndinagwada pafumbi, ndinapepesa, amalume anandikhululukira ndi misozi. Apongozi anali chapatali panjinga yawo, chitenje chili kumutu monga mwa masiku onse. Anthu atayamba kudzuka, iwo anaitana mwana wawo, koma mokweza kuposa mmene amachitira.

"Auze amuna ako asakagule tambala. Akagwire wanga wofiira m'kholamo."

Mkazi wanga anatembenuka kuti andiuze, koma iwo anali asanamalize.

"Uwauzenso kuti akuwa bwino. Kungoti akuwa mochedwa."

Mkazi wanga sanabwereze mawuwo. Panalibe amene sanamve.