Belu la Malemu a Gwirani

Malemu a Gwirani ankakhulupirira chinthu chimodzi pa dziko lino: kuti palibe vuto la munthu limene chitsulo cha basi yakufa sichingathetse. Anayamba ngati kondakitala, kenako anakalowa m'galaja ya mabasi, ndipo popuma ntchito galajayo anaisamutsira kunyumba pang'onopang'ono. Geti lawo linali chitseko cha basi. Nkhuku zawo zinkaikira m'matayala. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, chifukwa sankatha kuona munthu akunyamuka pampando osakuwa kuti, "Gwirani!" Ankakuwa choncho ngakhale kumanda, bokosi likamatsika, anamfedwa n'kumadzidzimuka.

Amene anazunzika nawo kwambiri ndi mlamu wawo, a Insipekitala, okhala kuseri kwa mpanda. Awa anakalamba akutseka malesitilanti chifukwa cha mphemvu imodzi, ndipo akapatsana moni ndi munthu ankafuna sopo. Mlongo wawo atakwatiwa ndi kondakitala sanakhululuke. Zaka zonsezo mlamuyo ankangomutchula kuti "wa girisi uja".

Tsiku lina a Insipekitala anaterereka m'bafa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Madokotala anachita opaleshoni, anaikamo chitsulo, nawachenjeza kuti asamakhale pamalo otsika, asamawerame, ndipo akagwanso asadzayembekeze kuyenda. Chimwalirire akazi awo ankakhala okha, choncho mwana wawo wamkazi sanazungulire.

"Bambo, bafa lija likapanda kukonzedwa ndikukutengani. Kwathu chipinda chilipo."

Chipindacho ankachidziwa. Zenera lake linayang'ana khoma, ndipo adzukulu ankasungiramo njinga. Anatsimikiza mumtima kuti m'nyumba yawo adzatuluka atanyamulidwa basi.

Chomwe sankadziwa n'chakuti mlongo wawo anali atapereka kale makiyi kwa mwamuna wake.

Pobwera kuchipatala, fungo linawalonjera ali pakhonde: dizilo, mphira ndi thukuta lakale. Anayenda ndi ndodo zawo mpaka kubafa, n'kuima pakhomo kukamwa kuli yasa. M'khoma monse munali zitsulo zachikasu zogwirira, penti itatha pomwe manja a anthu osawerengeka ankagwira. Kudenga kunkalendewera malamba akuda ndi litsiro. Pansi anayalapo mphira wa m'basi. Pamwamba pa chimbudzi panali mpando wa basi wobooledwa pakati, utakwezedwa pa miyendo yachitsulo. Posambira panali mpando wa dalaivala. Pakhoma anakhomapo chikwangwani choti OSALAVULA.

"Alamu," anatero a Insipekitala, "ichi n'chiyani?"

"Mpando wakutsogolo umenewo, alamu. Wa anthu olemekezeka."

"Kunsi kwake kuli chingamu."

"Chimenecho musachichotse, ndi chimene chagwira bawuti."

"Mwazitsuka zinthuzi?"

"Mvula inatsuka. Zakhala panja zaka zambiri. Gwirani!"

A Insipekitala anathira mankhwala onse ophera tizilombo amene ankawadziwa. Fungo linkabisala tsiku limodzi, koma akangotsegula madzi otentha nthunzi inkadzutsa aliyense amene anakhalapo pampandowo: wogulitsa nsomba zouma, woledzera, mwana wosanza paulendo. M'mawa wina mphemvu inatuluka m'siponji, n'kuima pa chitsulo chogwirira ikugwedeza ndevu. Anayang'anana nayo nthawi yaitali. Malo oti awatseke analipo, koma anali awo omwe.

Choipitsitsa chinali belu. Chingwe chake chinkayenda kudenga, kutulukira pazenera, kudumpha mpanda, mpaka pakhonde la a Gwirani. Kumeneko anamangirirako belu la basi, ndipo poona kuti silikumveka mokwanira analiika m'ndowa yachitsulo.

"Mukakoka kamodzi ndiye kuti mwakwera," anafotokoza a Gwirani. "Kawiri, mwatsika bwino. Mukakhala chete ndithyola chitseko."

"Ine sindine katundu wanu."

"Okwera onse amatero."

M'mawa woyamba a Insipekitala sanakoke. A Gwirani anathyoladi chitseko, n'kuwapeza ali mbulanda pampando wa dalaivala, thovu lili m'makutu. Sanachite manyazi n'komwe. Anangoyang'ana chilonda cha opaleshoni, n'kunena kuti amene anasoka pamenepo sangalembedwe ntchito yosoka mipando m'galaja.

Kuyambira pamenepo ankakoka, ndipo msewu wonse unaphunzira chinenero cha belu. Telala wa pakona ankatsegula shopu likalira kamodzi. Mayi a pagolosale ankawapatsa moni wochititsa manyazi pamaso pa makasitomala.

"Lero munachedwa kutsika, a Insipekitala. M'mimba muli bwino?"

"Ndipatseni sopo, mayi."

"Muzimwa madzi ambiri. Tonse tinali ndi nkhawa."

Munthu amene kale eni malesitilanti ankabisala akamva nsapato zake, tsopano m'mimba mwake munasanduka nkhani ya pamzere wogula buledi.

Mwana wawo atabwera kudzaona, analowa m'bafa atatseka mphuno ndi mpango. A Gwirani, pofuna kumutsimikizira, anadzilendewetsa pa lamba limodzi miyendo ili m'mwamba. Lambalo linazuka pamodzi ndi chibenthu cha denga, iwo n'kugwera m'beseni.

"Limenelo linali lakumbuyo," anatero akudzisansa fumbi. "Akumbuyo amakhala ofooka."

"Bambo, longedzani," anatero mwanayo.

Apa ndi pamene a Insipekitala anachita chinthu chimene chinawawawa kuposa opaleshoni. Anakhala pampando wonunkha uja, n'kuusisita ngati mphaka.

"Mwanawe, ine mpando wabwino chonchi sindinauonepo. Alamu angawa ndi katswiri."

A Gwirani anagwetsa msozi. Mwanayo anayang'ana bambo ake, anayang'ana denga lobooka, kenako anatsatira chingwe ndi maso mpaka kumpanda.

"Ankolo, belu limeneli mumaliyankha tsiku lililonse?"

"Ngakhale ndili pakati pa kudya."

"Chabwino. Malinga ngati pali woyankha, bambo akhale. Koma malambawa achoke lero."

Anagula zogwirira zoyera za kusitolo, mmisiri weniweni n'kudzazikhoma. A Gwirani anazinunkhiza, n'kupukusa mutu. "Sizinayendepo pamsewu izi," anatero, ndipo mpando uja anakana kuuchotsa.

Chiuno chinapola, ndodo inatsala imodzi, belu likulirabe. Ndiye masana ena a Gwirani anapezeka pakhonde pawo, pampando wa basi, mutu atatsamira khoma ngati wokwera amene wagona n'kupitirira siteji yake. Mkazi wawo anawagwedeza, koma anali atapita.

Kumanda, bokosi litayamba kutsika, anthu onse anakhala ngati akudikira chinachake. Chingwe chimodzi chinaterereka pang'ono m'manja mwa wotsitsa. Mawu aukali anamveka kumbuyo: "Gwirani, inu!" Anali a Insipekitala. Pambuyo pake anauza aliyense kuti ankangodzudzula ntchito yosalongosoka.

Maliro atatha, mlongo wawo anapita kukakhala kwa ana ake, nyumba n'kutsekedwa. Mwana wa a Insipekitala uja anaimba foni.

"Bambo, belu lilibenso woyankha. Loweruka ndikubwera ndi galimoto."

Loweruka m'mawa a Insipekitala analowa m'bafa, nayang'ana chingwe, n'kuchisiya. Akokerenji? Anakhala pampando uja mwakachetechete, pa ufulu umene anaulakalaka miyezi yonseyo, ndipo ufuluwo sunawakomere. Posakhalitsa anamva mapazi pakhonde, kenako kugogoda, kenako chitseko chija chinathyokanso pomwe chinathyoka kale. Telala anali patsogolo ndi chitsulo chochotsera matayala, mayi a pagolosale ali pambuyo, wosoka nsapato akusuzumira paphewa pawo.

"Simunakwere lero! Timayesa mwagwa!"

"Tulukani! Anthu opanda mwambo! Tulukani!"

Galimoto ya mwana wawo inafika phokosolo lili mkati. Iye anaona chitseko chothyoka, anaona anthu atatu akukankhana m'khonde, anamva bambo ake akutukwana ndi mphamvu zonse atadziphimba ndi thaulo. Anamwa tiyi, n'kubwerera yekha.

Belulo tsopano lili pakhonde la telala, m'ndowa yake yomweyo. Msewu unazizira. Anthu amanyamuka pamipando popanda wowachenjeza, ndipo geti la chitseko cha basi likuchita dzimbiri. Mmisiri anadzipereka kuchotsa mpando uja n'kuikapo woyera wa kusitolo, a Insipekitala anamuthamangitsa ndi ndodo. Umanunkhabe. M'mawa uliwonse amalowa atakwinya mphuno, n'kung'ung'udza kuti wa girisi uja anawasiya m'manja mwa msewu wonse ngati mwana wakhanda. Akatero amakoka chingwe kamodzi, mwamphamvu, kuti amve ndi amene ali kutali.