Magolovesi Olimira Munda wa Apongozi

Lolemba

Lamulungu likubwerali a Ngozo, amalume ake a Esnati, akubwera kuchokera ku Mua kudzandiona. Akavomera, anthu akwathu apita kukafunsira mbeta. Akakana, basi zathera pomwepo. Esnati ndimamukonda kwambiri, ndipo ndikuopa.

Amayi ake, a Nangozo, sananene kuti ndikawalimire. Angouza Esnati kuti munda wawo wa kuseri kwa Golomoti sunagwiridwe, mvula ili pafupi, ndipo sakudziwa ngati anyamata a masiku ano amazindikira mbali imene khasu limagwiridwira. Ndamva.

Vuto ndi manja anga. Ine ndimakonza mafoni pa Mtakataka, pakhonde la golosale. Sikuluwu ya foni ndi yaing'ono kuposa njere ya mpunga, ndipo zala zimenezi ndi zimene zimandidyetsa. Khasu ndinaligwira komaliza ndili ku pulayimale, pa chibalo.

Nzeru ndaipeza: magolovesi. Sabata ino benchi yanga ya mafoni nditseka, ndizilima m'mawa uliwonse, Lamulungu a Ngozo adzapeze munda wolimidwa ndi zala zosawonongeka.

Magolovesi ake akhale:
- olowa mphepo, poti uno ndi Okutobala, ngakhale mbuzi zikukana kuchoka pamthunzi
- opindika bwino, oti ndigwire mpini komanso kuyankha foni
- osaonekera patali

Masana ndapita pa kaunjika ku Golomoti. Wogulitsa wavundula mulu wa masokosi ndi zipewa mpaka pansi, watulutsa magolovesi ofiira, onenepa, mkati muli ubweya. Akuti, "Awa ndi akunja enieni, bwana. Azungu amasewera nawo paphiri." Sindinafunse kuti phiri lakelo limatentha bwanji. Ndagula.

Lachiwiri

Ndafika kumunda m'mamawa. Esnati ankati ndi kamunda. Nkhani imeneyi tidzaikamba tikadzakwatirana.

A Nangozo akhala pansi pa mtengo wa bwemba, kutali, akuswa mtedza wa mbewu. Mwamwambo mkamwini ndi apongozi sayandikana, ndiye ngakhale sindinafike paukamwini, tayambiratu. Ine ndagwada kuno, iwo aomba m'manja uko. Chilichonse chofuna kunena chikudzera mwa Esnati.

Mzere woyamba, bwinobwino. Pakati pa wachiwiri manja ayamba kupsa ngati mbatata ya m'phulusa.

Pali chinthu chimene sindinachiganizire. Njira ya kumjigo imadutsa m'mbali mwa mundawu, ndipo aliyense wodutsa akupatuka kudzaona munthu amene akufuna mwana wa a Nangozo. Munthu wamkulu sungamupatse dzanja lovala. Ndiye zikuyenda chonchi: khasu pansi, golovesi kukoka ndi mano, thukuta kupukutira pa thalauza, moni, mwadzuka bwanji, kaya kunyumba, kaya ku Mtakataka, kuvalanso. Ndisanakweze khasu, wina uyo akutulukira pa mlambe.

Moni ndapereka wambiri kuposa mizere.

Zofiira zimaoneka patali. Agogo ena afunsa Esnati ngati ndine wa nkhonya.

Uthenga wochokera pabwemba: "Amayi akuti ngati mukumva kuzizira akubwerekeni bulangete."

Pofika kunyumba zala zachita makwinya, zayera, zikununkha nsapato. Thuza limodzi pansi pa chala cha mkombaphala. Limodzi lokha, si nkhani.

Lachitatu

Dzulo ndinalakwitsa pa kunenepa. Lero opyapyala: amphira, achikasu, otsukira mbale. Mwini golosale akuti akhala pa shelefu kuyambira pamene anatsegula sitolo, palibe anawafunsapo. Ndawayesa pa kauntala, ndatola nawo njere ya mpunga. Zala zikupindika bwinobwino!

Kumunda. Mphepo siikulowa, thukuta silikutuluka. Ndikakweza khasu madzi akutsikira m'chigongono, ndikatsitsa akubwerera ku zala. M'manja mukumveka ngati munthu akuyenda m'matope.

Khasu lapulumuka. Lauluka, lakagwera pafupi ndi bwemba. A Nangozo aliyang'ana, asendeza lichero lawo pang'ono, apitiriza kuswa mtedza.

Kenako mkulu wa mpingo watulukira, dzanja atatambasula kale. Ndikukoka golovesi, chala cha mphira chikungotalika osachoka. Ndakoka ndi mano, chandibwerera pamlomo. Pomaliza ndawapatsa mkono kuti agwire pamfundo, monga amachitira munthu amene wapezeka akupala nsomba. Agwira, ayang'anitsitsa chikasucho, afunsa Esnati motsitsa mawu ngati m'mudzi mwagwa kolera.

Dzuwa lisanafike paliwombo mbiri yafika kumjigo kuti a zaumoyo abwera. Amayi ena apatuka ndi zidebe zawo kudzandipempha mankhwala othira m'madzi. Ndawauza kuti ine ndine wa mafoni. Sanakhulupirire, akuti timakonda kubisa.

Uthenga wa lero: "Amayi akuti khasu limenelo linali la malemu bambo, lisamauluke."

Thuza lija lapeza anzake.

Lachinayi

Yusufu, mnzanga wowotcherera zitsulo pa Mtakataka, wandibwereka ake achikopa. Akuti, "Wallahi, awa ngakhale moto sulowa." Ngati moto sulowa, mphepo ilowera pati? Funso limeneli landibwerera ndili kale panjinga. Sabata ino mafunso anga akumachedwa.

Onse awiri ndi a dzanja lamanzere. Yusufu akuti akumanja anapsa kalekale.

Zimene ndaona:
- chala chachikulu chakumanja chaloza kwina
- zala zina sizikupindika n'komwe
- mpini sindikuugwira, ndikuukumbatira
- mizere ikukhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa

Foni ikulira m'thumba. Ndi makasitomala, akufuna kudziwa kuti benchi itsegulidwa liti. Kuyankha sindingathe. Ikungolira, ine ndikungolima.

Koma chabwino chilipo. Kuvula n'kosavuta, ukangogwedeza dzanja golovesi yagwa yokha. Lero moni ndikupereka mwaulemu ndi mwachangu, moti mkulu wa mpingo uja wandiyamikira kuti ndachira.

Ndiye pabwera bambo wina wachikulire amene moni wake ndi wautali. Wayambira pa mwendo wake, wafika pa mtengo wa feteleza, wakathera pa mwana wake amene ali ku Joni. Nthawi yonseyi magolovesi ali pansi. Atachoka ndavala imodzi kudzanja lamanja, ndipo mkati mwake munali kale mwini. Kachinkhanira. Nako kamafuna mthunzi, sindikukaimba mlandu.

Kaluma chala cha mkombaphala, chimene ndimagwirira sikuludiraiva.

Sindinakuwe. Ndangokhala pansi pamzere, n'kuyamba kuitana amayi anga amene ali ku Mtakataka. A Nangozo aimirira, koyamba sabata ino. Ayenda mpaka pakati pa munda, akumbukira mwambo, aima. Atumiza Esnati ndi palafini m'kabotolo, ndi mawu akuti kuno chilichonse chimene wasiya pansi umayamba wachikutumula.

Anaimirira chifukwa cha ine. Zimenezi ndazisunga mumtima.

Lachisanu

Zogula ndi zobwereka zandikwana. Ine ndine mmisiri, ndipanga anga. Masokosi a mpira, ndadula kuphazi, ndaboola potulukira zala.

Mphepo ikulowa! Zala zikupindika, kupatula cholumidwa chija, chimene chatupa ndipo chikuchita zake. Popereka moni ndikungokwinyira sokosi kumkono. Ndi akuda, saonekera patali. Zonse zimene ndinalemba Lolemba zakwanira. Ndalima mpaka ndayamba kuimba mluzu, ndikuganiza zoti mwina ndizisoka ambiri n'kumagulitsa pa benchi.

Kumapeto kwa munda, cha kukhwawa, kuli tchire loti lisosedwe. Esnati wakuwa kuti kumeneko ndikusiye. Ine ndaganiza kuti akundimvera chisoni, ndiye ndalowa ndi mphamvu. Ndakoka ziyangoyango ndi manja onse awiri.

Chitedze.

Pa dzanja lopanda kanthu akuti chitedze umachipukuta ndi phulusa n'kuchoka. Sokosi imachisunga. Ubweya wake walowa mu ulusi uliwonse, ndipo ndisanadziwe ndinali nditapukuta kale thukuta kumaso, m'khosi ndi m'khwapa.

Za pakati apa sindikuzikumbukira bwino. Ndikudziwa kuti ndinathamangira kumjigo, kuti malaya ndinawasiya m'njira, ndipo kuti madzi anawonjezera moto. Azimayi a pamjigo andipaka phulusa thupi lonse. Mmodzi akuti, "Koma a zaumoyowa amavina bwino."

Esnati waseka mpaka wakhala pansi. Atamaliza wandigwira manja, wawatembenuza, nkhope yasintha. Akuti, "Mukudzizunziranji? Amalume akufuna kudzaona inuyo, osati munda." Mawu achikondi amenewo. Koma mwamuna amadziwa zimene amalume amayang'ana.

Uthenga lero kulibe. Esnati akuti amayi ayesa kunena kanthu koma mawu sakutuluka, chitenje chili kukamwa.

Masokosi ndawatentha.

Loweruka

Manja okhaokha.

Matuza akale aphulika, atsopano amera pamwamba pake. Mpini ukumata. Wodutsa aliyense ndikumupatsa dzanja nthawi yomweyo, ndipo aliyense akulifinya mwachikondi. Anthu a kuno amakonda alendo.

Chodabwitsa n'chakuti khasu lero likumvera. Likugwa pamene ndalilozetsa. Ndalima osayang'ana kubwemba, osayang'ana kumlambe, mpaka ndatulukira kukhwawa. Chitedze ndachilambalala mwaulemu.

Ndili panjira ndacheuka. A Nangozo akuyenda m'mizere manja ali kumbuyo. Aponda umodzi ndi chidendene, aima kanthawi. Esnati wandithamangira: "Amayi akuti mizere ya lero ndi mizere."

Misozi yalengeza. Ndanamizira phulusa ladzulo.

Mabuleki sindingathe kugwira, njinga ndakankha ndi mikono mpaka pamsewu. Pakhonde la golosale ndapeza mayi wina akundidikira ndi foni yosweka galasi. Ndamuuza Lolemba. Wayang'ana manja anga, wanyamula foni yake, wawolokera kwa mnyamata wa tsidya lina la msewu.

Zilibe kanthu. Munda watha. A Ngozo abwere.

Lamulungu

Mabatani a malaya wandimanga ndi Yusufu.

Titaweruka kutchalitchi takhala pansi pa mango kwa a Nangozo. Iwo ali kuseri kwa khitchini, kumene amamva zonse. A Ngozo ndi munthu wamfupi, wofatsa, wavala jekete kutentha konseku. Ndagwada, ndapereka dzanja. Sanalifinye. Alitembenuza, aliyang'ana nthawi yaitali, afunsa ngati ndinagwera pamoto.

Ndayankha monyadira kuti ayi, ndimalima kwa amayi, ndipo ngati akufuna tikhoza kupita akaone mizere.

"Kulima m'banja muno tonse timalima," atero. "Alimi ndiye tili nawo ambiri."

Apisa m'thumba la jekete, atulutsa kanthu kokulunga mumpango, akumasula pang'onopang'ono pabondo. Foni yakale, yakuda. Akuti inanyowa m'boti, n'kuzima. Muli mawu a akazi awo, malemu, amene ankawatumizira ali m'chipatala, ndipo ankawamvetsera tsiku lililonse asanapite kumunda. Okonza mafoni ku Mua aliko, koma sanafune kuti mlendo aitsegule.

"Esnati atandiuza ntchito yanu ndinati ndidikire wa pabanja."

Wa pabanja. Anali atavomera kale asanakwere minibasi.

Sikuludiraiva imakhala m'thumba mwanga nthawi zonse, ngakhale kutchalitchi. Ndaitulutsa. Matenda a foni ngati imeneyi ndimawadziwa, ndi ntchito yoti ndikanaimaliza tiyi asanazizire. Chala cha mkombaphala chatupa ngati nthochi. Ndalozetsa pa kasikuluwu, yaterereka. Ndayesanso, yagwa mumchenga. Esnati waitola, wandipatsa, osandiyang'ana. Ndayesanso. Chilonda chatseguka, ndachotsa dzanja msanga kuti ndisadetse mpango.

Manyazi ngati amenewa sindinawamvepo, ndipo a Ngozo ndawamvera chisoni kuposa mmene ndikudzimvera ndekha.

Akulunga foni yawo bwinobwino. Ndimayesa aibweza m'thumba, koma aiika m'manja mwanga, pang'onopang'ono kuti isandipweteke.

"Manja achire kaye. Ikadzalankhula, mudzatumize anthu akwanu."

Ndikutsanzika, Esnati wabwera ndi uthenga womaliza. Amayi akuti zikomo kwambiri. Akutinso mizere ya Lachiwiri mpaka Lachisanu ndi yofunika kubwereza, ndipo kumapiri kwayamba kuchita mitambo.

Za magolovesi:
- ofiira ali pansi pa bedi, wofuna adzatenge
- achikasu atenga a Nangozo, akuti ndi abwino popala nsomba
- achikopa ndabweza, nditakutumula

Mawa Lolemba. Khasu lili pakhomo, foni ya a Ngozo ili patebulo mumpango wake. Ndikulemba ndi zala ziwiri zimene zatsala. Dzanja linalo lili m'beseni la madzi amchere.