Sitima ya Tiya Iyesedwe Kaye

Elton adatsika basi ku Wakefield hafu folo madzulo. Kunja kunali kutada kale. Disembala wa kuno ndi wotero. Dzuwa limaweruka msanga kuposa kalaliki Lachisanu.

Tauniyi sankaidziwa. Iye ankakhala ku Hull, komwe ankanyamula makatoni tsiku lonse mpaka anzake adamupatsa dzina loti Katoni. Adayang'ana uku, adayang'ana uko. Nsanja ya tchalitchi. Mvula yowaza. Anthu oyenda chowerama. Adatsata foni mpaka pa bala ina yapakona, yonunkha kapeti wonyowa.

Anthu awiri ankamudikira. Woyamba anali Percy, wotchedwa Jenerali. Usilikali sadaulowepo. Dzinalo adalipata chifukwa chokonda kulamula ndi kudana ndi kunyamula. Wachiwiri anali Mussa, wotchedwa Injiniya. Adaphunzira zauinjiniya ku Sheffield miyezi isanu ndi iwiri, kenako sukulu idamutsanzika. Magalasi okha adawasunga.

"Wafika, Katoni!" adatero Jenerali. "Khala pansi. Umphawi wako watsala ndi maola awiri."

Pulani adaijambula pakapepala koikapo tambula ya mowa. Kuseri kwa msika kunali sitolo ya mdala wina, a Ken, wogulitsa sitima zoseweretsa. Jenerali ankakolopa m'sitolomo Lachitatu lililonse. Kiyi wa khomo lakuseri anali naye.

"Madala akuno ali ndi matenda, aise," adanong'ona. "Munthu wa imvi, wa penshoni yake, kugwada pansi kumathamangitsa kasitima. Ndalama zimene amatayira pamenepo ungamangire nyumba ku Chilomoni. Ndiye a Ken akupanga bokosi latsopano, la oyamba kumene. Mutu wa sitima, mabogi atatu, njanji, waya, zonse momwemo. Akuti akulikonza kuti banja lililonse lizitha kulumikiza lokha popanda kutukwanana. Pamsika silinatuluke. Mabokosi twente ali phee pashelefu. Tilowa, tinyamula, tituluka. Mphindi teni."

"Seveni," adatero Injiniya, akukankhira magalasi m'mwamba. "Ndawerengera."

Elton adamwa mowa wake pang'ono. Za nyumba ya ku Chilomoni analibe nazo ntchito. Iye ankafuna bokosi limodzi. Mawa lake mwana wake Tiya ankakwanitsa zaka seveni, ku Sheffield, komwe ankakhala ndi mayi ake, Daphne. Ukwati udatha kalekale. Chaka chatha Elton adapita ku phwando la mwanayo ndi sitima yotchipa ya pa intaneti. Adaitsegula pamaso pa alendo, atavala tayi. Sitima ija idangoti njenjenje, n'kufa. Tiya adamusisita pamkono. "It's okay, Daddy." Bola akadalira.

Daphne adamuperekeza mpaka pakhomo. "Bambo a Tiya, mwanayu amakukhulupirirani. Mukadzabweranso ndi zakufa, mudzathere panja pomwepa."

"Langa likhale limodzi," adatero Elton tsopano. "Koma loyenda."

"Tenga awiri, mwana wa mayi anga," adatero Jenerali. Zinthu za eni ake ankagawa mowolowa manja.

Sikisi koloko onse atatu adadutsa kutsogolo kwa sitolo ija. Inali itatsekedwa. Pagalasi la chitseko panali chipepala chachikulu choyera. Elton adachepetsa liwiro.

"Palembedwa chiyani apo?"

"Tabwera ku laibulale?" adatero Jenerali. "Kuseri, asilikali!"

Adavala zipewa zaubweya zobisa nkhope. Cha Injiniya chinalibe mabowo okwanira magalasi, choncho adawavala pamwamba pa chipewa. Kiyi adatembenuka. Adalowa.

M'katimo munkanunkha guluu ndi tiyi. Pakati panali tebulo lalikulu lobiriwira, lopanda kanthu. Pamwamba pake, kudenga, kagetsi kofiira kankaphethira.

"Icho n'chiyani?" adafunsa Elton.

"Alamu ya utsi," adayankha Injiniya. "Tidaphunzira temu yoyamba."

Mabokosi analipodi. Jenerali adaima pakati n'kumaloza. Elton adanyamula. Mphindi zisanu zisanathe, onse twente anali ataunjikidwa pakhomo lakuseri. Galimoto ya Injiniya inali panja, buti ili yasa. Kunena zoona, mbava zimenezi zikadatuluka pamenepo, bwenzi lero tikuzitchula ndi ulemu.

Koma Elton adaima. Adafungata bokosi lake ngati khanda.

"Tiyese kaye."

"Ukuti chiyani?"

"Tiyese kaye, Jenerali. Ngati ikuyenda."

"Katoni, wapenga? Tili pantchito!"

"Kwathu ngakhale babu wa magetsi amayesedwa. Wailesi pamsika wa Limbe umaitsegula, ilankhule kaye. Ayironi umaigwira, ikuotche. Ndiye ine ndipite ku Sheffield ndi katundu wosayesa? Kachiwiri?"

"Amayesa ndi wogula, chitsiru iwe. Ife tikuba."

"Ndiye wakuba atenge zakufa?"

Funsolo linali lisanamufikepo Jenerali pa moyo wake wonse.

Injiniya anali ataunika tochi pabokosi. Pachivundikiro panali chithunzi cha kamtsikana kosekerera, ndi mawu akuluakulu oti mwana wa zaka zisanu atha kulumikiza pa mphindi teni.

"Mwana teni," adatero. "Ineyo zitatu. Bweretsa kuno."

Adakhuthulira zonse patebulo lobiriwira lija. Tinjanji tonyezimira tidamwazika. Elton adaona dzanja la Jenerali likudutsa patebulo, koma maso ake anali pa mutu wa sitima. Unali wofiira, wolemera m'manja, wa tinyali tiwiri kutsogolo. M'maganizo adamuona Tiya akuulandira. Adamuona Daphne akusowa chonena.

Pamwamba pa zonse panali pepala la malangizo, lazithunzi, lamitundumitundu. Injiniya adalitola ndi zala ziwiri.

"Izi ndi za azimayi ndi ana," adatero, n'kuliponya pansi.

Palibe adatsutsa. Amuna atatu, ndevu zili pepeya, awerenge pepala la chidole?

Tinjanji tinkalowana bwino. Kha. Kha. Kha. Mzere udapindika, udazungulira, udabwerera komwe udayambira. Koma sudafike. Padatsala mpata ngati chikhatho cha munthu.

"Kankha," adalamula Jenerali.

Elton adakankha. Kudatseka uku, kudatseguka uko.

"Mwayambira kolakwika," adatero Injiniya. "Phwasulani."

Adaphwasula. Adayambira kumanzere. Mpata uja udasamukira kumanja. Adayambira pakati. Mpata udawadikira kumapeto, uli phee ngati wapolisi wapamsewu.

"Tochi ikuchepa," adatero Injiniya. "Sayansi imafuna kuwala."

Jenerali adayatsa magetsi a sitolo yonse.

"Titsegule bokosi lina," adatero Elton. "Mwina ili n'lopereweza."

"Usayerekeze!" Jenerali adaima kutsogolo kwa mulu uja, manja ali tambalale. "Bokosi lotsegula latsika mtengo. Ukufuna kutibera?"

"Komanso ukundinyoza," adatero Injiniya. "Vuto si njanji. Vuto ndi ngodya."

Adatenga cholembera cha a Ken n'kuyamba masamu kuseri kwa envelopu. Adachulukitsa. Adagawa. Adapeza kuti njanjiyo iyenera kukhala yotalika mamita fote. Adafufuta.

Kudatentha. Zipewa zija zidayamba kuyabwa. Woyamba kuvula anali Jenerali, n'kupukutira thukuta. Enawo adatsatira. Seveni koloko idadutsa. Jenerali adapeza ketulo kuseri kwa kauntala, ndipo poti tiyi wopanda chotafuna ndi chipongwe, adapezanso chitini cha mabisiketi.

"Tiyeni tizipita, anyamata," adatero pakamwa pali todzaza. "Mwana akakankha ndi dzanja."

"Ndi dzanja?" Elton adadzuka, mawondo ali mbuu. "Mwana wanga ali ndi nzeru kuposa tonse atatu kuphatikiza. Akaona mpatawu akandisisitanso pamkono. Sindichoka pano isanayende."

"Ikani sitimayo ithamange kwambiri," adatero Injiniya. "Idumpha."

Adalumikiza waya. Adapotoza batani mpaka kumapeto. Sitima idanyamuka mwaukali, idakhota, idafika pampata, idauluka. Idakatera m'kapu ya tiyi ya Jenerali.

"Mwaona?" adatero Injiniya. "Mphamvu ilipo."

Elton adaupukuta mutu wa sitima uja ndi malaya ake, pang'onopang'ono, ngati akupukuta mwana mamina. Adagwadanso. Adayambiranso. Kha. Kha. Kha.

Kumbuyo kwawo munthu adatsokomola.

Pakhomo lakuseri, pafupi ndi mabokosi aja, padaima mdala wamfupi wa juzi yoluka, kabuku ndi pensulo zili m'manja. Pambali pake panali wapolisi wamkazi, wamtali, ndi anzake awiri. Onse ankaoneka kuti aima pamenepo nthawi yaitali. Mmodzi anali atatsamira khoma.

"A Ken!" adatero Jenerali, akubisa bisiketi kumbuyo. "Ndabwera kudzakolopa."

"Lero ndi Lachisanu, Percy," adatero mdalayo, m'Chingerezi chake cha ku Yorkshire chomeza mawu. "Pitirizani, chonde. Ndapempha a Fiona awa kuti akupatseni mphindi zina twente. Zatha, koma mwina awonjezera."

"Sindiwonjezera," adatero wapolisi uja.

A Ken adaloza kagetsi kofiira kaja. Inali kamera. Adaiika pamenepo kuti aziona pomwe mabanja amakakamira akamalumikiza sitima, kuti akonze bokosi lawo. Zonse zinkafika pafoni yawo. Madzulo amenewo anali kunyumba, akudya, pomwe foni idawaonetsa zipewa zitatu, china chovala magalasi.

Elton adacheukira Injiniya. Injiniya adayang'ana kudenga, ngati akufuna utsi.

"Miyezi sikisi ndakhala ndikuonera mabanja," adapitiriza a Ken, maso akuwala. "Palibe adandiphunzitsa ngati inu. Ndimadabwa kuti pepala langa likulakwika pati. Kani azibambo saliwerenga n'komwe! Manambala ndiwadinda panjanji penipenipo. Ndipo pachivundikiro ndilemba kuti tinjanji tokhota ndi twelofu. Mungandiuze, bambo, chifukwa chiyani simudatiwerenge?"

"Twelofu?" adatero Elton.

Adawerenga ndi chala. Leveni. Adabwereza. Leveni.

"Ndidanena ine," adatero Injiniya. "Vuto la fakitale."

Unyolo udalira katatu. A Fiona adayamba kusecha matumba. Kwa Elton adapeza tikiti ya basi ndi kadi ya tsiku lobadwa. Kwa Injiniya, envelopu ya masamu. Kwa Jenerali adatulutsa kiyi, mabisiketi folo, supuni ya a Ken, ndi kanjanji kokhota, konyezimira.



"Jenerali," adatero Elton chapansipansi. "Maola awiri. Mawondo anga awa. Muli nako m'thumba?"

"Ndimayesa ndi siliva."

"Mwatibera ife? Ife anzanu? Pakati pa kuba?"

"Dzanja lidangopita lokha, Katoni. Ndidaiwala. Ukudziwa ntchito yathuyi."

"Mumatilamula kuti tikankhe!"

"Utsogoleri ndi umenewo."

Elton adafuna kumudumphira, koma wapolisi adamugwira kolala. Adapuma. Kenako adatembenukira kwa a Fiona, mawu atafewa.

"Mayi, chonde. Kaikeni pamenepo. Ndingoona."

A Fiona adayang'ana a Ken. A Ken anali atakonzeka kale ndi pensulo. Wapolisiyo adawerama, adalowetsa kanjanji kaja ndi zala ziwiri. Kha. Adaika sitima. Adapotoza batani pang'ono.

Idanyamuka mwaulemu. Tinyali tidayaka. Mabogi atatu adatsatira, osagwedera. Idadutsa pomwe panali mpata paja ngati sipadakhalepo vuto. Idaliza kahutala kake.

"Masekondi sikisi," adatero a Ken, akulemba.

Amuna atatu omangidwa manja adaima m'mbali mwa tebulo, mitu ikuzungulira pamodzi ndi sitima.

"Imayenda," adatero Elton. "Imayenda bwinobwino."

"Ndidakonza ngodya ndine," adatero Injiniya.

M'mawa mwake adawatulutsa m'chitokosi kusanayere. Ankapita nawo kukhoti ku Leeds. Linali Loweruka. Ku Sheffield, Tiya anali asanadzuke. Akadzuka adzayamba kusuzumira pawindo.

Adawakhazika kumbuyo kwa galimoto, Elton kuwindo, Injiniya pakati, Jenerali mbali inayo akufotokoza pulani ya zokanena kwa woweruza. Misewu inali yonyowa, yopanda anthu. Pamaloboti a kuseri kwa msika galimoto idaima. Sitolo ya a Ken inali pomwepo, ndipo getsi la mumsewu linkaunika chipepala choyera chija.

Elton analibe kothawira, analibenso womuthamangitsa. Adawerenga.

Chipepalacho chinkati sitoloyo ikufuna mabanja. Bwerani ndi mwana wanu Loweruka lililonse, teni koloko. Mulumikize sitima yathu yatsopano ife tikuonera. Mukamaliza, bokosilo mupite nalo kwanu. Ulere.

Adawerenganso kachiwiri, milomo ikuyenda. Kuchokera ku Sheffield kufika pano, pa sitima yeniyeni, si ulendo wotopetsa mwana.

"Palembedwa chiyani?" adafunsa Injiniya. "Magalasi anga achita nthunzi."

"Zisiye izo," adatero Jenerali. "Tabwera ku laibulale? Tamverani pulani."

Elton adatembenuka pang'onopang'ono. Adamuyang'ana Jenerali kuyambira kumutu mpaka kuthumba.

"Jenerali," adatero, "muuthokoze unyolowu."

Maloboti adasintha. Galimoto idanyamuka.