Kakompyuta Kanu Kakungoti "Bado"

Umoja, Nairobi
Lachiwiri

Kwa Olemekezeka Bwana Wamkulu wa kampani imene inapanga pikapu yathu,
Kutsidya kwa nyanja.

Bwana,

Ndayamba ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine Blackson Chapola, mwana wa ku Ntcheu, dalaivala wa bungwe lina la mpingo ku Westlands. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma pachiwongolero ndine pulofesa. Ndikamabweza galimoto chambuyo, madalaivala a matatu, maminibasi a kuno, amazimitsa wailesi kuti aphunzireko. Zaka khumi ndi chimodzi ndili mu Nairobi muno, sindinagundepo ngakhale nkhuku. Imodzi ija inadzigunditsa yokha.

Nkhani ndi iyi. Akuluakulu a bungwe lathu analamula kuti galimoto iliyonse ikapimidwe ku galaja ya Moshi Kwaheri ku South C, aone ngati sikuipitsa mpweya. Makaniko wa kumeneko, a Wafula, analumikiza kamakina kawo pansi pa chiwongolero. Zonse zinakhoza, kupatula kakompyuta kamene munaikamo kuti kazilondera fungo la petulo lisathawe m'thanki. Kameneko kanalemba kuti "Not Ready". A Wafula anandimasulira ndi liwu limodzi la Chiswahili: bado, kutanthauza kuti nthawi sinakwane. Ndapitako kanayi, ndipo kanayi konse bado.

Tsono abwana athu, Mayi Elizabeth, anena kuti Lachisanu likafika popanda sitika pagalasi yosonyeza kuti galimoto yakhoza, makiyi apita kwa Spencer, dalaivala mnzanga, ine ndizikapereka makalata pa matatu. Ine, Blackson! N'chifukwa chake ndati ndikuthokozeni poyera, anthu amve.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mphuno yanu. Kuno matatu ikakhala patsogolo pako imafuka utsi woti malaya oyera amakafika ku ofesi atasanduka mkanjo wa maliro. Inu zimenezo simunazione ngati nkhani. Munasankha kuthamangitsa kafungo koti ngakhale ntchentche sikamva. Chotsekera thanki ndimachipotokola mpaka chilire kre-kre-kre, katatu, monga munalembera m'kabuku kanu. Mkono wakumanjawu wafika pokula kuposa unzake.

Chachiwiri, zikomo potiphunzitsa kudziletsa. Kwathu mwana akamapita kukalemba mayeso timamudyetsa mpaka mimba iwale. Nanenso ndinatero. Ndinathira petulo mpaka pakhosi, n'kuigwedeza galimoto kuti alowenso wina. Bado! Kabuku kanu kakuti kakompyutako sikagwira ntchito thanki ikadzadza, ndiponso sikagwira ikatsala pang'ono kuuma. Kamafuna pakatikati. Bwana, ndayendetsa magalimoto amitundumitundu, koma yokana kukhuta ndaionera kwa inu. Masiku atatu ndinazungulira tauni ngati wosochera, kuti petuloyo atsike.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha maloto okoma amene muli nawo pa misewu yathu. Mukuti galimoto iime maola asanu ndi atatu mpaka izizire, kenako iyende pa liwiro la 80 kwa mphindi khumi osaponda buleki. Zoima maola asanu ndi atatuzo musadandaule, Mombasa Road imatithandiza tsiku lililonse. Koma 80? Sabata yatha mayi wogulitsa nthochi, wapansi, anandipitirira kawiri mu jamu ya magalimoto. Kachitatu anandifunsa kuti ana ali bwanji kunyumba.

Komabe kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamlungu ndinajomba kutchalitchi, Mulungu andikhululukire, n'kupita kumsewu wolambalala tauni. Ndinaigwira 80 ija ngati ndagwira dzira. Mphindi zisanu ndi zinayi zinakwana, kenako ng'ombe zinayamba kuwoloka, mazana asanu ndi limodzi, kapena makumi awiri, sindinawerenge bwino. Ndinayambiranso. Ulendo wachiwiri zinatheka, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo yachigonjetso. Dzulo m'mawa ndafika kwa a Wafula chifuwa chili patsogolo. Bado.

Chachinayi ndiye chachikulu, ndipo pano ndikuthokoza ndi manja awiri. A Wafula atathedwa nzeru anandifunsa kumene galimotoyi imagona. Ndinawauza zoona. Ku ofesi kulibe malo, ndiye imagona pakhomo panga ku Umoja. Kwathu kuno mabatire ali ndi miyendo, awiri anandithawapo kale. Choncho madzulo alionse ndimamasula batire, kulinyamula paphewa mpaka nyumba yachitatu m'mwamba, n'kuliika kunsi kwa bedi. Ndinafotokoza monyadira, poti nzeru zoterezi si aliyense ali nazo.

A Wafula anaseka mpaka kukhala pa tayala. Anaitana anzawo onse kuti ndibwerezenso. Atapuma anandiuza kuti ukachotsa batire, kakompyuta kanu kamaiwala zonse zimene kaphunzira, kamadzuka ngati khanda. Ndiye kuti sabata zitatu zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa mwana masana, madzulo n'kumufufuta mutu ndi sipanala yanga yomwe. Ng'ombe zija ndinazikalipira pachabe.

Ena akuti wolakwa ndine. Ine ndikuti tiyeni tione bwinobwino. Mkazi wanga Vailet amakumbukira mawu amene ndinanena pa chinkhoswe chathu, tsiku lake, ndi malaya amene ndinavala, koma alibe batire. Inu, ndi masukulu anu onsewo, mwapanga chinthu choti chikangogona chaiwala dzina lake. Mukanandifunsa ndikanakubwerekani Vailet sabata imodzi, akatswiri anu amuphunzire.

Taonani pamene mwandiika. Ndikachotsa batire, kakompyuta kaiwala. Ndikalisiya, abale aja oba mabatire adzalichotsa, kaiwalanso. Ndinati ndizigona m'galimoto momwemo, koma Vailet wanena kuti ndikatero ndikafunsire mbeta komweko, pikapuyo izindichapira malaya.

Ndiye pempho langa n'laling'ono, loyenera munthu wamng'ono ngati ine. Kwatsala masiku atatu kuti Lachisanu lifike. Chonde, Bwana, kwerani ndege mubwere mudzalondere batireli lili m'malo mwake, monga munafunira. Mpando ndikupatsani, bulangete lilipo, wenzulo ndabwereka kale. Kabuku kanu mubwere nako, kadzakuthandizani kupha udzudzu. Kukacha ndidzakupatsani chiwongolero, ine n'kukhala pambali ngati mwana wasukulu, mundionetse pamene pali 80 pakati pa Umoja ndi South C.

Mukalephera kubwera sindikwiya, ndikudziwa ndinu otanganidwa. Kungoti makiyi adzapita kwa Spencer. Spencer ndi munthu wabwino, wopemphera, koma chibadwire sanapitirirepo 40, ndipo njinga ikamuimbira belu amapatuka n'kupepesa. Kakompyuta kanu kakadzagwa m'manja mwake, kadzanena bado mpaka lipenga lomaliza, dzina la kampani yanu lili kumbuyo kwa galimoto m'zilembo zikuluzikulu, Nairobi yense akuwerenga pang'onopang'ono.

Ine wanu wodzichepetsa kuposa onse mumzinda uno,

Blackson Chapola
Dalaivala, mpaka Lachisanu